Mtsikana Wathu Akadali Padoko

Amayi, kumene mwapitako mukudzuka bwanji? Miyendo ija yaphwa kodi?

Kuno tilipo. Papita milungu isanu ndi umodzi chikuikireni ku Nkholongue, ndiye ndati ndikulembereni monga ndinkachitira ndili pasukulu ku Lichinga. Masiku amenewo makalata anga ankakuwerengerani ndi achimwene a Tomasi, inu n'kumawadzudzula kuti akuthamanga ngati akuthawa mvula. Iyi muiwerenge nokha, pang'onopang'ono.

Ndiyambe ndi yabwino. Alamu anga a Ines achira Lachiwiri lapitali, mwana wamkazi. Achimwene akuti amutcha Esitere, dzina lanu, ndipo palibe amene watsutsa. Makutu ndi anu ndithu, aang'ono opindika pamwamba. Chinangwa cha m'munda wa kumtunda tazula theka, china tachiviika kale, ndipo chabereka kuposa chaka chatha ngakhale munkadandaula kuti tinabzala mochedwa. Ku Chiwanga usipa unachuluka kwa masiku angapo mpaka matandala kusowa malo, kenako mwera unabwera, anthu akhala pamtunda sabata yathunthu akusoka maukonde. Mbuzi yanu ya mawanga yalowa kawiri m'dimba la aneba. Achimwene anafuna kuikwapula, ine ndinawakumbutsa mawu anu aja akuti mbuzi ilibe mlandu, mlandu uli ndi womanga chingwe. Anaseka, kenako anatembenuka n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawasiya.

Ine ndabwerera ku Metangula, ndayambanso kuphunzitsa. Ana a mu kalasi langa akhala aulemu mopitirira, moti ndikulakalaka wina achite phokoso kuti ndimukalipire.

Tsopano za zidole zanga zija, monga munkawatchulira masewera a pa kompyuta. Mukukumbuka kuti tili ndi kagulu ka pa foni, anthu a kuno, a ku Lichinga ndi ena a ku Likoma, ndipo ine ndimati ndikasewera jogu yatsopano, ndiwo masewerawo, ndimawauza mmene ndaionera, n'kuipatsa nota, malikisi aja, ngati mayeso a ana anga: pa vinte, makumi awiri, yosafika dezi, khumi, yalephera. Munkati ndine mphunzitsi woipa mtima, woti ngakhale chidole sichipuma kwa ine. Chichokereni inu sindinapereke nota ina iliyonse. Chifukwa chake ndi chimene ndakulemberani.

Mutabwera kudzakhala kwanga kuti muyandikire chipatala, masana aliwonse tinkakhala pakhonde, inu miyendo pa kampando, ine kompyuta pamwendo. Poyamba ndinali pa jogu ya ndewu, ija ya anthu awiri omenyana mpaka wina kugwa. Munayang'ana kwa nthawi ndithu, n'kufunsa kuti, "Wagwayo adzukanso?" Ndinati adzuka, pali chigawo chachiwiri. Munati, "Ndiye si ndewu imeneyo, ndi gule. Munthu womenyedwa choncho sadzuka n'kukonza malaya."

Tsiku lachitatu munati ndikupatseni komando, kogwirira ka mabatani kaja. Munasankha nkhalamba ya ndodo chifukwa akuti inafanana ndi malemu agogo. Ine ndinali nditaloweza mabatani onse, ili kenako ili kenako ili, ndi nthawi yake yodinira. Inu munangoika zala zonse pamwamba n'kumadina ngati mukusinja makaka. Munandigwetsa kawiri. Munaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Mabuku onse aja, Marita, n'kumagonja kwa nkhalamba yotupa miyendo?" Pouza anzanga za jogu imeneyo ndinati ndi yokongola, mabatani ake amamva msanga, koma ili ndi chilema chimodzi: munthu wongosinja atha kupambana wophunzira. Ndinaipatsa katorze, khumi ndi zinayi. Sindinawauze kuti chilemacho anachitulukira ndani.

Kenako inabwera ina ija, yopanda zibakera, ya nkhani. Mtsikana akuthawa m'tauni yowotchedwa pamodzi ndi mng'ono wake, ndipo pena paliponse nkhaniyo imaima, n'kufunsa wosewera kuti achite chiyani. Mawu ake anali a Chipwitikizi. Ine ndinkawerenga n'kumakutembenuzirani m'Chinyanja, inu n'kumasankha, ine n'kumadina. Simunafune dzina lake lachilendo lija. Munkangoti mtsikana wathu.

Munkasankha osazengereza. Atafika pa mphambano munati, "Kumsewu ayi, msewu ndi wa asilikali. Alowe m'tchire." Atapeza chitsime munati asamwe, chifukwa panalibe mapazi a mbuzi pambali pake. Atapeza nyumba yotseguka, chakudya chili pamoto, munati, "Apitirire. Eni ake sanachoke okha." Nthawi zambiri mumalondola, ndipo ine ndinkaseka kuti amayi anga ndi katswiri. Ndawerenga mabuku ambiri a nkhondo, amayi, a m'maiko akutali ndi a kwathu kuno, ndipo ndinkadziona ngati wodziwa. Koma sindinakufunseni ngakhale kamodzi kuti za mapazi a mbuzi munazidziwira kuti.

Ndiye anafika padoko. Boti lomaliza lili pafupi kunyamuka, mng'ono uja wathamangira kumtunda kukatenga thumba limene anaiwala, ndipo mwini boti akuti sadikira munthu. Pa galasi panabwera mawu awiri okha: akwere, kapena adikire. Ndinakuwerengerani, chala chili pa batani. Kenako munati, "Zimitsa. Mawa."

Mawa lake munatinso mawa. Zinatero milungu itatu. Masana aliwonse munkafunsa kuti, "Akadali padoko?" Ndikati akadali pomwepo, munkati, "Musiye apume." Tsiku lina munawonjeza kuti, "Utumize mawu ku Maniamba, a Lusiya abwere adzaone zidole zakozi." Ndinadabwa, chifukwa chibadwire changa sindinakuoneni inu ndi mng'ono wanu mutakhala pamphasa imodzi. Ife ana tinkauzidwa kuti munayambana za munda. Ndinati matenda ndiwo akulankhula. Ndinayankha kuti nditumiza, ndipo sindinatumize. Chapa cha ku Maniamba, kaminibasi kaja, chimanyamuka tsiku lililonse pafupi ndi sukulu yathu, woyendetsa wake ndimamudziwa, mwana wake ali mu kalasi langa.

Anzanga a pa foni anali akundifunsa kuti nota ili kuti, ena n'kumandiseka kuti profesora wagona. Jogu imeneyo ili ndi malo amodzi okha osungira pamene wafika. Ukapitirira, zakale zimafufutika. Ndinkadziwa zimenezi. Loweruka m'mawa a Ines atakuperekezani kuchipatala, ndinatsegula kompyuta, n'kudina kuti akwere, poganiza kuti ndiko nkhani ikupita. Pofika masana ndinali nditamaliza yonse. Ndinauza anzanga kuti ndi yochedwa, mawu achuluka, ndipo padoko paja amamuimika munthu nthawi yaitali popanda chifukwa. Ndinaipatsa nove, zisanu ndi zinayi. Yalephera.

Mutabwerako munakhala pa malo anu, ndinakuikirani kampando, ndipo munafunsa funso lanu lija. Ndikanatha kunama, koma simunandilere choncho. Ndinati, "Wakwera, amayi. Ndinafunika kumaliza." Munayang'ana miyendo yanu kwa kanthawi. Munati, "Eya. Amakwera." Kenako munapempha madzi akumwa. Simunandikalipire, ndipo za zidole simunafunsenso. Milungu iwiri isanathe munatisiya.

Amayi aang'ono a Lusiya anabwera pamaliro. Anakhala kumbuyo kwa amayi a m'mudzi, sanalowe m'nyumba. Tsiku lometa anandipeza kuseri ndikutsuka mbale, ndipo sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Ndinawauza zonse, kuti munawaitana, kuti ine sindinatumize mawu, ndi za mtsikana wa padoko. Anagubuduza mtondo n'kukhalapo. Anati, "Iwe mphunzitsi wathunthu, uthenga wa mawu anayi unakulemera?" Kenako anandiuza zimene inu simunatiuze.

Akuti chaka chimene nkhondo inafika kunyanja, inu awiri munali pagombe kufupi ndi Chiwanga, mukudikira boti lowolokera ku Malawi. Achimwene a Tomasi anali kumsana kwanu, thupi lili moto. Mankhwala awo munawaiwala m'nyumba, ndipo a Lusiya, poti anali opepuka miyendo, anathamanga kukatenga. Mfuti zinalira kumtunda, mwini boti anati akunyamuka, ndipo inu munakwera. Iwo pobwera ndi kabotolo m'manja anapeza boti lili kutali, anthu osazindikirika nkhope. Zaka zonse za nkhondo anakhala kumapiri, n'kukwatiwa komweko. Za munda zija panalibe.

Ndinawafunsa ngati anakukwiyirani. Anati, "Akulu anga atabwerako ku Malawi sankandiyang'ana kumaso. Ine ndinkati akundida poti ndinachedwa, mwana akanafa chifukwa cha ine. Iwo kaya ankati chiyani." Anapukuta manja pachitenje ngakhale sanagwire madzi. Kenako anati, "Ndikanakhala ine, mwana ali kumsana, ndikanakwera. Ndinkadikira andifunse kuti ndiwauze. Zaka zonsezi ndinkangodikira funso."

Mwamva, amayi? Awa ndi mawu a mng'ono wanu, ndawalemba monga anawanenera, sindinawonjeze kapena kuchotsa. Akanakwera. Mukanawamva ndi makutu anu pakhonde panga, mtsikana wathu ali chiimire padoko, mukanakhala ndi poyambira. Munali mutapeza njira yofunsira funso limene linakukanikani zaka zonse, ndipo njirayo ndinaitseka ndi chala changa kuti anthu a pa foni asanditche waulesi. Munkakonda kunena kuti wothamanga amafika, koma safika ndi anzake. Ndinkayesa mukunena za achimwene ndi kuwerenga kwawo.

Achimwene ndawauza. Anafunsa ngati kabotolo kaja a Lusiya anakasunga. Sindinaganize zofunsa zimenezo. Akuti mwana akakhwima pang'ono apita naye ku Maniamba kuti agogo ake aang'ono akamunyamule.

Ine ndayambanso jogu ija kuchokera pachiyambi. Ndikusankha monga munkasankhira inu: tchire osati msewu, chitsime osamwa, nyumba yotseguka kuipitirira. Pena ndaiwala. Pali nkhalamba ina yopempha chakudya panjira, ndipo sindikukumbuka ngati munati aipatse chonse kapena theka. Ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana kampando kanu, kenako ndinasankha theka, poti panali mng'ono woti adye. Ngati ndalakwa mundikhululukire. Ulendo uno sindikudumpha mawu. Ndaona kuti zimene ndinkati n'zochedwa ndi nthawi imene anaisiya dala kuti munthu aganize, ndipo padoko paja ukakhala osadina kanthu umamva madzi akumenya boti, mwini boti n'kumatsokomola, mtsikana n'kumacheuka kumtunda. Zonsezi inu munaziona. Ine ndinkayang'ana batani.

Anzanga ndawauza kuti nove uja ndamuchotsa. Wina wa ku Likoma, wokonda za ndewu zokhazokha, anafunsa kuti ndiye profesora akupereka zingati. Ndinati pepalali si ine woyenera kulichonga, ndipo woyenerayo sanalione. Kawirikawiri ndimayesa njira zonse ziwiri ndisanaweruze jogu, koma iyi sindikudziwa chimene chimachitika mtsikana akadikira. Ndikanatha kufufuza pa foni mphindi imodzi. Sindinatero.

Dzulo masana wafikanso padoko, ndipo ndazimitsa.

Loweruka ndikwera chapa cha ku Maniamba, kwa a Lusiya. Ulendo uno mawu ndinatumiza, ndipo yankho linabwera tsiku lomwelo ndi woyendetsa yemwe uja: "Abwere nacho chidolecho, koma ine zodinadina sindidziwa." Ndidzaza batire, imakhala maora awiri, ndi okwanira. Nditenganso usipa pang'ono ndi chitenje chanu chobiriwira chimene anakana pa tsiku logawa zovala. Mwina kwawo akachilandira.

Ndikakhala nawo pamphasa, ndikawawerengera m'Chinyanja monga ndinkachitira ndi inu, ndipo ndikawafunsa za mapazi a mbuzi, za kumapiri, za kabotolo, ndi za inu muli mtsikana. Tikafika pa mawu awiri aja, ndikuika manja anga pamwendo. Ndikukulonjezani, amayi, sindidina. Akati akwere, akwera. Akati adikire, tidikira naye. Akati mawa, ndizimitsa, ndigona komweko, ndipo m'mawa ndikawauza kuti akadali padoko.

Ndimakukondani, ndipo kampando kanu sindinakachotse pakhonde.

Ndine mwana wanu,
Marita