Bambo Akukana Kuti Ndiwasambitse

Okondedwa achimwene a Rosbel,

Ndikhulupirira muli bwino ku La Ceiba pamodzi ndi alamu. Chifuwa cha mwana chija chinatha? Kuno ku Kaukira tikudzuka, koma si tonse.

Bambo anandiletsa kukulemberani. Sindinawamvere.

Ulendo wapitawu wa nkhanu unawapweteka. Nkhanu zinasowa pafupi, ndiye ankalowa pansi penipeni pa nyanja, kangapo patsiku. Tsiku lina botolo la mpweya linawathera ali pansi, n'kukwera pamwamba mothamanga, chinthu chimene chimapundula anthu olowa pansi pa nyanja. M'bwato anakwera okha, akuseka, mpaka kupempha ndudu. Nduduyo isanathe anati msana ukubaya, kenako miyendo inazizira. Mwini sitima yaikulu imene inawanyamula anakana kubwerera kumtunda nkhanu zisanadzaze. Pamene ankawalowetsa m'chipinda cha mpweya chochizira matenda otere kuchipatala, adokotala anati tachedwa, mtsempha wa msana wawonongeka.

Kuyambira m'chiuno kutsika sakumva kanthu. Ngakhale mkodzo amauzindikira akaona kuti nsalu yanyowa.

Anthu akabwera kudzawazonda, bambo wanu ndi nthabwala zokhazokha. Amati mkazi wam'madzi anawafunsira ukwati, iwo n'kumuuza kuti akununkha nsomba, ndiye anawalanda miyendo. Onse amafa nako kuseka. Alendo akachoka, nkhope amalozetsa kukhoma.

Vuto ndi ili, achimwene: sakulola kuti ndiwasambitse. Amayi akanakhala moyo bwenzi zili zina. Ndinayesa kamodzi, anandikalipira kuti mwana wamkazi saona umaliseche wa bambo ake, bola awole. Amene amawasambitsa ndi kuwatembenuza ndi a Wilfor, anzawo otsimphina aja, amene nyanja inawalumanso kale. Koma sitima ikunyamuka mwezi ukatha ndipo a Wilfor akupita nayo. Akuti ana awo sangadye chisoni.

Kumatako kwatuluka kale chilonda. Anandinong'oneza ndi a Wilfor, ine sindinachione.

Ndinawafunsa bambo ngati ndingakuitaneni. Anati ayi, anakutumizani kusukulu kuti musanunkhe nkhanu, ndiye lero mudzanunkhe mkodzo wawo? Koma boti la anthu lochokera kudoko la Lempira likangomveka, amandifunsa kuti watsika ndani.

Bwerani, achimwene. Chinangwa ndilima, kuchapa ndichapa, kuphika ndiphika. Ndikusowa manja a mwana wamwamuna basi. Akakukalipirani pofika, mungowasiya alankhule, inu muziika madzi pamoto.

Mulungu akusungeni panjira. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo mwanayo mumupsompsone m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu,
Dorla