Nyanja Sinawadikire a Phungu

Nhalume, Quelimane
9 Novembala 2025

Mapazi kuchokera pa manda a Mayi kufika pamene nyanja imalekeza, mwezi ukakhala wathunthu:

Januwale 2006: 412
Januwale 2015: 263
Febuluwale 2023: 97
Epulo 2023, namondwe Freddy atadutsa: 38
Okutobala 2025: 9
Lachitatu lapitali: 6
Otayika onse pamodzi: 406

Okondedwa achemwali anga a Perpétua,

Kalata yanu ndinailandira pa 28 Okutobala, ndipo ndaiwerenga kasanu ndi kawiri. Ndathokoza kumva kuti miyendo yayambanso kukulolani kupita kutchalitchi. Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa ka m'mawa. Mwandifunsa mafunso atatu: ngati mvula yayamba, ngati mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba wabereka, ndiponso chimene chinachotsa mdzukulu wanga Felizarda kuno mpaka kudzafika pakhomo panu ku Tete ndi kachikwama kamodzi, osakufotokozerani chifukwa. Mvula sinayambe. Mango aja anauma, mchere unalowa pansi. Funso lachitatu ndi limene landichedwetsa masiku khumi ndi awiri.

Mukudziwa kuti chipumireni ntchito ya uphunzitsi ndimayesa nyanja mwezi ndi mwezi n'kulemba m'kabuku. Anthu ankanditenga ngati wozungulira mutu, kupatula Felizarda. Namondwe atadutsa, iye anasonkhanitsa anzake 30, ana a asodzi ndi ena omaliza sukulu amene alibe ntchito. Anabzala mbande 6,400 za mangali, mitengo ya m'matope ija imene inkatitchingira mafunde tili ana. Zamoyo lero zilipo 2,150. Analemberanso a phungu athu makalata 17 opempha zinthu zitatu: kuti malole odula mangali n'kukawotcha makala aletsedwe, kuti kubwere miyala yotchingira gombe, ndi kuti tipatsidwe malo kumtunda osamutsirako sukulu ndi manda. Mayankho anabwera awiri. Loyamba linali lothokoza. Lachiwiri linati a phungu abwera, ndipo achinyamata asankhe okha tsiku.

Mwakhala zaka 33 kutali ndi nyanja, mwina munaiwala mmene imadzazira mwezi ukamakwanira, ndi mmene imathawira msanga pagombe lathu lathyathyathyali. Felizarda sanaiwale. Anabwereka kabuku kanga, anafunsa asodzi, n'kusankha Lolemba, pa 6 Okutobala. Tsiku limenelo madzi anayenera kufika pamwamba penipeni nthawi ya 3:20 masana.

"Agogo, akuluakulu awa sawerenga makalata," anandiuza. "Tikawaimike pa manda paja madzi awanyowetse nsapato."

Mnzake Custódio, mwana wa malemu Xavier wa ngalawa yobiriwira, anati, "Nsapato zimenezo zikangonyowa, ndiye kuti nyumba ya malamulo yonse yamva. Munthu wamkulu amamvera kumapazi."

Tinaseka tonse. Ine ndinasankhidwa m'komiti yolandira alendo pamodzi ndi a Bonifácio, mlembi wa mudzi, ndipo tinachita zimene takhala tikuchita nthawi zonse kukamabwera mlendo wamkulu. Tinasesa masiku atatu. Zigumukire za nyumba 14 tinazinyamula pamutu kukataya kudambo. Zitsa 60 za kokonati tinazizula, zotsala tinazipaka laimu. Phompho la pagombe tinalisalaza ndi mchenga, ndipo manda asanu amene madzi anali atawatsegula tinawakwirira bwinobwino.

"Agogo, mukufufuta umboni," Felizarda anatero.

"Mafupa a anthu si chionetsero," ndinamuyankha. A Bonifácio anawonjezera kuti, "Iwe mwana, ukufuna akatilengeze ku Maputo kuti ku Nhalume ndi anthu auve?"

Anatiyang'ana, kenako anati, "Chabwino. Madzi okha simungawasese."

A phungu analonjeza kufika 11 koloko. Anafika 2:35, ndi magalimoto anayi. Ndakhala ndikuuza aliyense wofunsa kuti nkhani inathera pamenepo, kuti anachedwa ndi maola atatu ndi mphindi 35. Ndimafuna kukulemberani zomwezo, ndipo makalata awiri amene ndang'amba ananena zomwezo. Koma inu munandilera, mumadziwa ndikamazungulira. Pamene magalimoto amaima, zinali zitatsala mphindi 45, ndipo kuchokera pasukulu kufika kumanda ndi mphindi 12 basi.

Achinyamata anafuna kuwatengera alendo kugombe asanakhale n'komwe. A Bonifácio anakana, nati mlendo sangapite kumanda asanapatsidwe mpando ndi moni. Tinagwirizana mwachangu kuseri kwa kalasi. Magule ndi malonje, mphindi 25. Ine, mphindi zisanu, kutchula manambala asanu okha a m'kabuku. Kenako tonse kugombe, kumene Felizarda akawerenge tsamba lake limodzi madzi ali m'miyendo. Chakudya pobwerera. Ndinawerengera ndekha, tikanafika 3:17.

Ndinaimirira 3 koloko ndendende. Ndinatchula mzere wa Januwale 2006. Achemwali, a phungu anatulutsa cholembera m'thumba, nandiyang'ana, nagwedeza mutu. Zaka 19 ndi miyezi 10 ndakhala ndikuyenda pagombe paja ndekha, ana akundiseka kuti agogo akuwerenga nkhanu. Palibe wa boma ngakhale mmodzi amene anandifunsapo nambala imodzi. Ndiye munthu wovala tayi anatulutsa cholembera. M'malo molumphira ku 2015, ndinawerenga wa Febuluwale 2006. Kenako wa Malichi.

Musaganize kuti ndinaiwala nthawi. Wotchi ya malemu amuna anga inali padzanja, ndipo ndinaiyang'ana. Pa 3:05 ndinati ndingomaliza chaka chino. Pa 3:12 Felizarda anabwera mogwada, nandikoka chitenje, nanong'ona kuti, "Agogo, madzi." Ndinachotsa dzanja lake. Pa 3:20 ndinamva ndi makutu anga mafunde akumenya khoma la manda, chifukwa mphepo inkachokera kumeneko. Ndinali pa 2013. Custódio anaimirira kumbuyo nati, "Aphunzitsi, belu lalira kale." Anthu anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunandiumitsa mtima. Ndinanena pamaso pa alendo ndi mudzi wonse kuti m'kalasi mwanga ana ankadikira wamkulu amalize, ndipo amene sanaphunzire zimenezo kwawo aphunzire lero. Felizarda anabwerera pamalo pake. Sanandikokenso.

Ndinawerenga mizere yonse 238. Zinatenga mphindi 54.

Zotsatira zake mungazidziwe nokha. Mlendo wamkulu sangayankhe mawu aatali chotero ndi mawu atatu, ndiye a phungu analankhula mphindi 30. Anati dziko likufunika amayi ngati ine. Anati kusintha kwa nyengo ndi nkhani imene ili pamtima pawo, ndipo achinyamata ndiwo atsogoleri a mawa. Mawu akuti mawa anawatchula kasanu ndi katatu. Atamaliza, amayi anali atayala kale mpunga wa kokonati, nkhanu ndi nkhuku zisanu ndi zinayi zimene zinaphikidwa m'mamawa, ndipo kuzisiyanso kukanakhala kuwatukwana. Mphindi 45.

Tinafika kumanda 5:21. Nyanja inali itabwerera mapazi 340. Panali mchenga wosalala, wosesedwa, ndi zitsa zoyera ngati za pabwalo la parishi.

A phungu anaika manja m'chiuno. "Ndiye nyanja yoopsayo ili kuti, mwana wanga?"

"Inali pamene mwaimapo, bwana, maola awiri apitawa," Felizarda anayankha. "Gwirani mchengawo, ukadali wonyowa. Kapena mugone kuno, mawa ibweranso."

"Iwe ukufuna undilande kwa akazi anga," anatero, ndipo anthu a m'magalimoto aja anaseka. "Malo onsewa? Kwathu m'tauni tikanamangapo bwalo la mpira. Musamaope kwambiri, achinyamata. Inu pitirizani kubzala mitengo, ife tiziona."

Felizarda anayamba kuwerenga tsamba lake. Anali pa pempho loyamba pamene wothandizira a phungu anati msewu ndi woipa ndipo kukuda. Anatenga zithunzi zinayi, natisiyira mipira iwiri ndi malaya 20. Pagombe anakhalapo mphindi zisanu ndi ziwiri. Nsapato zawo zinabwerera zouma.

Pochotsa mipando ndinapeza kope la manambala anga, limene ndinakhala sabata yathunthu ndikuwakopera ndi dzanja, lili pansi pa mbale ya mafupa a nkhuku. Pachikuto panali pamene a phungu ankalemba paja. Anajambulapo nsomba zitatu ndi ngalawa.

Madzulo amenewo Felizarda anatsuka mbale 140 pamodzi ndi amayi ena, nabwera kunyumba kutada kale. Ndinayamba ndine. Ndinati anthu aja anachedwa ndi maola atatu ndi mphindi 35.

"Eya, Agogo," anatero.

Ndinati ngakhale akanaona madziwo, mwina sakanachita kanthu.

"Mwina," anatero. "Koma tikanadziwa kuti akana ataona. Pano sitidzadziwa." Anapukuta manja pachitenje. "Zaka ziwiri ndi theka, Agogo. Ine ndimafuna mphindi zitatu zokha."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanakweza. Anakhala masiku ena asanu ndi anayi, akundiphikira, akunditungira madzi, akundiyankha eya ndi ayi. Pa tsiku lakhumi ndinapeza makiyi a nyumba pamwamba pa kabuku kanga.

Gulu lija latsala ndi anthu 11. Enawo akuti akuluakulu a m'tauni samva, a m'mudzi nawonso samva, ndiye akavutikirenji m'matope. Malole a makala adutsa kasanu ndi kamodzi chichokereni alendo. Custódio amandipatsabe moni, koma amanditchula Mayi Deolinda, osati Aphunzitsi. Iye ndi amene analemba kalata ya 18. Ndinamupempha kuti ndimukonzere zolakwika, anati zikomo, yapita kale.

Tsopano pempho langa. Mwezi udzakhalanso wathunthu pa 4 Disembala, ndipo nyengo ya anamondwe ikhala itayamba. Mayi sangafike Khirisimasi pamene alipo. Ndalankhula ndi bambo mfumu, ndipo a Bonifácio atipatsa kachigawo ka munda wawo wa chinangwa kumtunda, mapazi 1,900 kuchokera kumadzi. Koma ine sindingatsegule manda a Mayi popanda mwana wawo woyamba. Ngati miyendo ikulola, bwerani isanakwane sabata yomaliza ya mwezi uno. Mubweretse chitenje chatsopano chowakulungira, chabuluu ngati mungachipeze, paja ankakonda mtundu umenewo. Kuno ndakonza anthu asanu ndi mmodzi okumba.

Pali chinanso chimene ndiyenera kukonza pa manambala ndalemba pamwambapa. Chaka chatha Felizarda anandiperekeza kukayesa, ndipo anandiuza akuseka kuti, "Agogo, mapazi anu afupika. A 2006 ndi a lero si ofanana." Ndinamukalipira. Lachitatu ndinatenga tepi ya telala n'kuyesa, ndipo ananena zoona. Asanu ndi limodzi a lero akufanana ndi anayi a kale.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Inácio, kwa mwana wanu Zefa ndi ana ake atatu, ndi kwa amayi a kwaya amene anandilandira bwino chaka chija. Felizarda sadya nyemba usiku, zimamupweteka m'mimba, koma sanganene pakhomo pa eni. Kukatentha amatuluka magazi m'mphuno, ndiye Tete wanuyo mumuyang'anire. Musamukakamize kulankhula. Kalatayi mukhoza kuisiya patebulo, ngati mwaiwala chabe. Akafunsa za mbande zake, mumuuze kuti ndimapitako m'mawa uliwonse madzi akaphwa, ndipo za kumpoto zandifika m'chiuno. Akafunsa za ine, mumuuze kuti wotchi ndinaiona. Moni wanga mumupatse pomaliza, ndipo akapanda kuyankha musandibisire.

Tsamba lake lija ndinalitola pamchenga. Ndaliwerenga mokweza ndili ndekha, nditayang'ana wotchi.

Mphindi zimene ndinapatsidwa: 5
Zimene ndinatenga: 54
Zimene tsamba lake limafuna: 3
Mapazi otsala kwa Mayi, owerengedwa moona: 4
Masiku chichokereni Felizarda: 24
Mbale zimene ndimatulutsabe madzulo: 2

Ndine mng'ono wanu,
Deolinda Candrinho