Undisiyire Kambewa Chaka Chimodzi

Mwana wanga wokondedwa,

Landira moni kuchokera kwa ine azakhali ako. Uli bwanji kutali kumeneko? Nanga amuna ako, ntchito ikuwayendera? Msana unkadandaula uja unasiya? Kuno tadzuka. Ankolo ako ndi mwendo wawo womwe uja, koma akupitabe kukasoka nsapato pamphambano. Mwana wako Kambewa ali bwino, kupatula chifuwa chake chija. Mano awiri akutsogolo anaguluka, akamaseka akuoneka ngati kankhalamba.

Ukaona zilembo zikukwera n'kutsika usadabwe. Sukulu yanga ukuidziwa. Ndasangalala, mwana wanga, ndasangalala moti dzulo ndinawotcha kolala ya malaya a kasitomala ndikusita, ndikuseka ndekha. Koma ndilinso ndi mantha. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mawu akanandithera. Uwerenge mpaka kumapeto usanakwiye.

Ukukumbukira nyumba zotchipa zija a ofesi ya nyumba amapatsa anthu ovutika, zija lendi yake umangolipira pang'ono yotsala n'kukuthandiza? Ndinalembetsa dzina langa, Kambewa akukwawa. Chaka chilichonse ndimapita kukafunsa, amangoti mayi dikirani, mzere ndi wautali. Ndinafika posiya kuziganizira.

Ndiye landilodi wathu wagulitsa malo ano. Akuti ogulawo agwetsa zonse amange mashopu, ife tichoke mvula isanalimbe. Ndinayenda mzinda wonse kufuna chipinda. Kwina akuti sitifuna ana, amalemba m'makoma. Kwina lendi yake kungoimva mutu kuwawa. Kwina ndinapeza chotchipa, koma chitseko chikuyang'anizana ndi bala, pakhomo fungo la mikodzo lokhalokha. Ndimabwera mapazi atatupa, ankolo ako osafunsa n'komwe, amangoona nkhope basi.

Zili choncho foni inalira, anali a ofesi ya nyumba aja. Akuti mayi dzina lanu lafika, tikubwera kudzaona mmene mukukhalira.

Apa ndi pamene ndinapusa. Ine ndinangomva kuti kukubwera alendo. Iwe ukundidziwa, mlendo sangalowe m'nyumba mwanga n'kupeza manyazi. Khoma lija la mbali ya ngalande, lakuda ndi ndere lija, ndinalikwecha mpaka zala kutuluka magazi, n'kupachikapo nsalu yamaluwa ya pabedi ya kasitomala wina. Kwa amayi atelala oyandikana nafe ndinabwereka mipando ya khushoni, katebulo ndi makatani. Iwo mwa ubwino wawo anawonjezera kanema wakufa, akuti angokongoletsa. Mabeseni otchera madzi a kudenga ndinawabisa kuseri. Ankolo ako ndinawaveka jekete yopitira kutchalitchi. Kambewa, poti amatsokomola komanso pakamwa pake sipatseka, ndinamutumiza kwa atelalawo ndi kamatiresi kake komwe.

Anabwera mayi wina wa magalasi, wamng'ono kwa ine, waulemu wake. Ndinamupatsa tiyi wamkaka m'kapu yobwereka. Atafunsa ngati pali vuto lililonse, ndinati ayi, tikuthokoza Mulungu, tikukhala bwino. Ankolo ako nawo anawonjezera kuti kuno ndi kwabwino, kamphepo kake ndi kokoma. Kamphepo kangalande, eti. Mayiyo anayang'ana kanema, anayang'ana makatani, analembalemba n'kutsanzika. Ndinamuperekeza mpaka kumsewu ndikuyenda monyada.

Amene ananditsegula maso ndi atelala, ndikuwabwezera mipando. Anafunsa kuti alendo aja anali achibale a ankolo ako kapena a kutchalitchi. Nditati ndi a ofesi ya nyumba, anasiya makina n'kugwira kukamwa. Mchemwali wawo anadutsamo m'zimenezi, ndiye amazidziwa. Anati mwadzipha nokha, anthu amenewo amabwera kudzaona mavuto, akakupeza uli bwino amakubweza kumchira kwa mzere. Anati akanadziwa akanandibwereka makoswe awo, osati makatani.

Sindinaseke. Chakudya chinasiya kulowa. Sabata yomweyo kunabwera anthu ovala zipewa zolimba, kuyezayeza n'kupaka penti yofiira pamakoma athu. Banja la kuseri kwathu linasamuka lopanda kopita. Katundu wawo ali pansi pa pulasitiki kumpanda kwa msika, ana anawagawa kwa achibale, wina uku wina uku. Ndikadutsa pamenepo ndimaona m'maganizo ankolo ako ndi mwendo uja, Kambewa ndi chifuwa chija, ali pansi pa pulasitiki yomweyo.

Ndinapita ku ofesi. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa kudikira mayi wa magalasi atuluke. Atatuluka ndinagwada pakhonde pomwepo, anthu akuona. Anandidzutsa, anati mayi musatero. Ndinamuuza kuti zonse anaona zija si zanga, ngakhale kapu anamweramo ija. Anavula magalasi, anapukuta m'maso, sindikudziwa ngati amaseka kapena chiyani. Anati amayi ake omubereka akanachita chimodzimodzi. Koma anati analemba kale kuti ndife akuluakulu awiri okhala bwino, ndipo kusintha zimenezo si kwa iye yekha. Anati abweranso osanena tsiku, ndipo ndisakhudze kanthu, ngakhale kukolopa.

Kusakolopa kunandivuta kuposa kugwada. Ankolo ako anachita kubisa tsache. Galimoto ikangoima kumsewu, ine kuthamangira kukasuzumira pakhomo. Ndimaopa kuti abwera, ndimaopanso kuti sabwera.

Anabwera m'mawa wina kutagwa kamvula koyamba, ali ndi mkulu wake, bambo wosaseka. Anapeza mabeseni pabedi, khoma likutuluka thukuta, Kambewa ali pakamatiresi kake akutsokomola. Ine ndinaima pakona ngati ndagwidwa ndikuba. Bamboyo anakhudza khoma, n'kupukuta dzanja pathalauza. Mayi wa magalasi anafunsa Kambewa kuti tsiku lija anali kuti. Mwana wako ameneyu. Anati agogo anandibisa kwa atelala chifukwa ndimalongolola. Ndinafuna pansi patseguke.

Kenako anandifunsa kuti mwanayu ndi wa ndani. Ndinanena zoona zokhazokha. Ndinati ndi mdzukulu, amayi ake ndi mwana wa malemu achimwene anga, ali kutali kuntchito, ndamulera ine kuyambira atangosiya kuyamwa. Analemba. Pochoka ine sindinawapatse ngakhale madzi. Mpaka lero zimenezo zikundiwawa.

Dzana anatiitana. Mwana wanga, nyumba. Zipinda ziwiri, masitepe ochepa oti ankolo ako akwanitsa. Mpopi uli mkati. Ndinautsegula n'kutseka, kutsegula n'kutseka, mpaka mlonda wa pamenepo anati amayi, madziwo amalipiritsatu. Chimbudzi chogejemula, chathu tokha, chopanda kuima pamzere ndi kachitini m'manja. Makoma onse ndinawagwira ndi chikhatho, ouma gwa. Zenera limatseguka, ndipo dzuwa limafika pomwe pangakhale bedi la Kambewa. Ndinalira, ndinaseka, ankolo ako anayesa kuvina ndi ndodo yawo mpaka kutsala pang'ono kugwera m'sinki.

Tsopano umve bwino. Potipatsa kiyi, mayi wa magalasi analankhula mosabisa. Anati nyumbayi yatuluka chifukwa cha mwanayu ndi chifuwa chake. Za zipinda ziwiri ndi za mabanja okhala ndi ana. Chaka choyamba amayendera osanena tsiku, ndipo akapeza kuti mwana sakukhalanso pamenepo, amatichotsa n'kutibwezera pamzere wa akuluakulu okhaokha, umene suyenda n'komwe. Chaka chikatha bwinobwino, nyumba imakhazikika m'dzina langa.

Iye akulankhula choncho, ine m'khutu ndikumva mawu ako a pafoni aja, oti sukulu akatsekera ukubwera kudzamutenga, amuna ako avomera, bedi mwamugulira kale. Kiyi ndinalandira ndi manja awiri.

Mwana ndi wako, zimenezo sindingatsutse. Ndinalipo tsiku unamusiya lija, ukulira pazenera la basi, iye akuyamwa chala kumsana kwanga. Ndikudziwa mmene wavutikira kuti upeze pokhala poti ungamuitanire. Ankolo ako akuti ndisakupemphe. Akuti tikhala ngati tagwira mwana wa eni chikole cha nyumba, ndipo ukadzatida udzakhala sunalakwe. Atelala akuti ndingomulola apite, oyendera akabwera ndizithamangira mdzukulu wawo, ana onse amafanana. Ndakana. Zobwereka zandikwana.

Ndiye ndikupempha ndi pakamwa panga. Undisiyire Kambewa chaka chimodzi. Patchuthi azibwera kwanu, zimenezo amaloleza, ndinafunsa mozungulira ngati ndikufunsira munthu wina. Iwenso ukabwera uli ndi pogona, pouma, osati kugona chokhala ngati ulendo watha uja. Chaka chikatha ndidzamubweretsa ndekha mpaka pakhomo pako, chifuwa chitapola.

Ndikuopa kuti ukana. Ndikuopanso kuti uvomera uli ndi bala mumtima, n'kumadzandiyang'ana mwamtundu wina moyo wonse. Sindikudziwa kuti chondiopsa kwambiri ndi chiti.

Kambewa sindinamuuze za lamuloli, nawenso usamuuze. Asasenze nyumba pamutu ali mwana. Iye akudziwa zoti amayi akubwera basi, ndipo akuuza aliyense, mpaka wogulitsa makala.

Ukakana sindimubisa, sindikuchedwetsa. Ndidzamuchapira, kumulongedzera, kumuluka tsitsi, kenako ndidzapita ndekha kwa mayi wa magalasi kukanena, asadzachite kutipeza. Tikusamuka Loweruka, poti oyandikana nafe malata awachotsera kale. Ndingotulutsa mapoto ndi zofunda. Zina zonse zikhala m'matumba momwemo, zomangamanga, mpaka nditamva mawu ako.

Undiperekere moni kwa amuna ako. Kalatayi uwawerengere atadya, atapuma, ndipo uwauze kuti ndawagwadira. Moni kwa apongozi ako ndi onse a pakhomopo. Ankolo ako akuti moni, akutinso ndilembe kuti iwo anandiletsa. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu kuntchito, ndipo akupatse mtima woti ungandiyankhe, kaya yankho lake ndi lotani.

Ndine azakhali ako,
mlongo wawo wa malemu bambo ako