Zala za alendo pa chilonda cha Namanyazi

Wokondedwa mng'ono wanga,

Moni kumeneko. Uli bwanji iwe, nanga bondo lija lakusiya kapena ukuyendabe ngati bakha? Alamu ali bwanji ndi chifuwa chawo? Ine kuno thupi lili bwino, mtima wokha ndiwo ukukana kukhala pansi. Ndikulemba ndili pabenchi la pakhonde la chipatala, pepala pabondo, diso limodzi lili pakhomo la wodi. Zilembo zikapendama usadabwe, ndaimirira kale kangapo. Pafoni sindikanatha kukufotokozera, iwe umayamba kulira munthu asanafike pakati pa nkhani.

Unamva kuti Namanyazi wachira, mwana wamkazi, koma zimene sunamve ndi zambiri. Mdzukulu wanga ameneyu ndinamlera ndekha chimwalirire amake, ndiye ululu wake ndimaumva m'mimba mwanga. Matenda atayamba tinathamangira kuno, n'kupeza kuti mwana wagona chopingasa, mutu uku miyendo uko, ngati chidakwa pakhonde la eni ake. Adokotala anati palibe kuchitira mwina, mwanayo atuluke ndi opaleshoni.

Pomukonzekera, ine ndi nzeru zanga ndinasolola lumo latsopano m'chikwama, ndimati ndiwathandize kumeta pamene padutse mpeni. Namwino wina wamtali, wa mawu okhuthala ngati abambo, anandigwira dzanja. Anati agogo bwezani chimenecho, lumo limasiya timabala tosaoneka ndi maso, ndipo tizilombo timalowera momwemo. Iwo ali ndi kamakina kawo kongodula tsitsi pamwamba, mimba amaitsuka ndi mankhwala, jakisoni woteteza amabaya asanayambe n'komwe. Ndinati chabwino, ine ndameta mitu ya ana mudzi wonse popanda womwalira, koma munda uno ndi wanu, limani mmene mudziwira.

Analima bwino ndithu. Khanda linatuluka likulira ngati munthu woberedwa, mphuno yake ndi ya kwa amuna, koma kukamwa n'kwanga, kumeneko palibe angatsutse. Chilonda anachisoka, n'kuchiphimba ndi pulasitala woyera. Namwino wamtali uja anatilangiza tonse awiri. Anati pamenepo pasafike chala cha munthu, ngakhale cha mwini mimba. Wofika pabedi ayambe wasamba m'manja ndi sopo, zofunda zikhale zouma, ndipo mtsikanayo azidzuka kumayenda pang'onopang'ono ngakhale zikupweteka. Akamva thupi kutentha kapena kunyowa pansi pa pulasitala, anene msanga. Ine ndinavomera zonse, Namanyazi anangogwedeza mutu monga umdziwira.

Chimene chinandiopsa si mawu a namwino, koma mayi wa pabedi loyandikana nalo. Ndi telala, mayi wosangalala, wokonda zocheza. Iye anachira ndi mpeni womwewu, anatuluka bwinobwino, kenako anabwerera chilonda chitatseguka. Akamabwera kudzamutsuka amaluma nsalu, ndipo fungo limafika mpaka pakhonde. Khanda lake sangaligoneke pamimba, amayamwitsa chogona cham'mbali, misozi ili mbwembwembwe. Koma zikangotha amayambanso nthabwala. Anandiuza kuti iye wasoka madiresi a akwati osamasuka ngakhale ulusi umodzi, koma msoko wa pamimba pake wamukanika kusunga. Ndinaseka, koma chakudya tsiku limenelo sichinatsike.

Tsono imva zimene anachita asewere anga, amake a mwamuna wa Namanyazi. Anabwera nthawi yoona odwala ndi anzawo awiri. Ine ndinali kuseri kochapira, ndikulimbana ndi matewera, chifukwa kamunthu aka kamadya pang'ono koma kubweza kwake ngati kolipidwa. Zonse ndinazimva pambuyo pake kwa telala.

Akuti atamaliza kuyamikira mwana, anayamba kukangana. Mnzawo wina anati madokotala a masiku ano amadula mopingasa, m'munsi mwa mchombo. Winayo anati bodza, amadula chotsitsa, iye ali nacho chipsera chake. Mkangano unakula mpaka asewere anati tikuvutikiranji, mimba si iyi. Mng'ono wanga, anamatula pulasitala! Anthu otsika m'basi, ogwira zitsulo zimene wagwira aliyense, wina anali atangosenda kumene lalanje. Onse anawerama n'kusuzumira ngati akugula nsalu. Wolephera mkangano uja anafuna kutsimikiza ndi chala, n'kuyendetsa pamsoko ponse. Asewere nawo anadinikiza kuti amve ngati payamba kulimba, kenako n'kubwezera pulasitala, kusalaza ndi chikhatho kuti pasaoneke.

Telala akuti anayesa kuwaletsa, anamuyankha kuti asamale chilonda chake. Nanga Namanyazi? Anangoyang'ana kudenga. Pochoka alendowo anawathokoza chifukwa chobwera! Ine nditalowa ndi ndowa yanga sananene kanthu, anangoti wagona bwino.

Sipanatenge nthawi, mtsikana anayamba kukana chakudya. Ndikamufunsa, ali bwino. Ndikamuyang'ana, milomo yauma, akunjenjemera masana dzuwa lili phwee. Ndinamugwira pachipumi, moto. Ndinathamanga wopanda nsapato kukaitana namwino wamtali. Atachotsa pulasitala, mbali imodzi ya chilonda inali itafiira, yotupa, ikuchucha madzi. Namwino anafunsa ngati wina anagwirapo. Anafunsanso kachiwiri. Ndipamene telala anayankhira ali gone pabedi lake, n'kufotokoza zonse, ndi za lalanje zomwe.

Adokotala anamasula ulusi pakona pamenepo kuti zoipa zituluke, n'kumuika diripi ya mankhwala. Tsopano amamutsuka tsiku ndi tsiku, ndipo nayenso waphunzira kuluma nsalu. Ndinawafunsa adokotala ngati zala zija ndizo zachita zimenezi. Anati sangalumbire, chilonda chimatha kuvuta ngakhale posagwidwa, koma zalazo sizinathandize. Iwo asalumbire, ophunzira amaopa kulumbira. Ine ndalumbira kale.

Namanyazi ndinamukalipira, sindikubisa. Ndinati iwe mwana, manyazi anapha lambe, ukufuna khanda ili ndilerenso ine ndi msana wothawu? Ndinalera iwe, kwakwana. Analira, ndipo polira anagwira pamimba chifukwa kulira kumakoka chilonda. Pamenepo ndinameza mawu otsala. Anandiuza chapansipansi kuti akanawakaniza bwanji apongozi ake pamaso pa anzawo, pomwe amadya kwawo, amagona kwawo. Ndipo kunyowa anakumva msanga, koma ankaopa kuti akanena, nkhani ifika pa apongoziwo. 

Mwamuna wake ali pamsewu ndi lole ya abwana ake, sakudziwika tsiku lobwera. Pafoni anangoti agogo pepani, mayi anga ndi mmene alili. Ndinamuuza kuti moto nawo ndi mmene ulili, koma sitiusiyira mwana. Anatsokomola, foni n'kuduka. Mnyamatayo si woipa, koma pamaso pa amake amasanduka phala.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlonda. Ndinaika sopo ndi botolo la madzi pakabati ya pabedi, wobwera aliyense ndimayamba ndamuyang'ana m'manja ndisanamuyang'ane kumaso. Koma munthu mmodzi sangalondere bedi, kuchapa matewera ndi kukatenga chakudya nthawi imodzi. Ndikakhala kochapira mtima uli kuwodi, ndikakhala kuwodi ndikuganiza zovala zili pachingwe. Ndimayenda chothamanga ngati ndaba.

Dzulo masana ndinapita kumpopi kukadzaza botolo. Pobwerera, ndili pakhomo, ndinaona msana wa asewere, ayimirira pabedi, manja atatambasulira khanda. Ndinakoka mpweya kuti ndiyambe. Koma ndisanatsegule pakamwa ndinamva mawu ena, aang'ono, onjenjemera ngati a mwana wa mbuzi. Anali Namanyazi. Anawauza apongozi ake kuti pepani amayi, sopo ali apoyo, ayambe asamba asananyamule mwana, ndipo pamimba pake pokha asafikeponso. Mng'ono wanga, botolo linatsala pang'ono kundipulumuka. Mwana amene ngakhale udzudzu sauthamangitsa!

Asewere anafunsa ngati tsopano iwo asanduka auve. Anati manja omwewo ndi amene analera mwamuna amene akumunyadirayo. Anati ngati manja awo ndi akuda ndiye kuti nyumba yawonso ndi yakuda, choncho akatuluka m'chipatala akafune yoyera kwina. Ananyamula chakudya chimene anabweretsa, n'kundidutsa pakhomo ngati ndine mzati. Ine mawu anali atadzaza m'kamwa mpaka m'masaya, ndimati ndiwaperekeze nawo mpaka pageti. Namanyazi anandikodola ndi dzanja la diripi lomwelo, n'kunena kuti agogo asiyeni, ndanena kale ine. Telala anaseka mpaka msoko wake unamukumbutsa.

Ndiye ukuona pamene tafika. Mtsikana walankhula, ine ndanyadira, koma kolowera tilibe. Ngakhale asewere atabweza mtima mawa, ine sindingamutengere kumeneko chilonda chili chiwisi. Nyumba ija beseni ndi limodzi anthu onse, alendo sathamo, ndipo sabata isanathe adzamupatsa tsache.

Pempho langa ndi limodzi. Kanyumba kanga ukukadziwa, denga likudontha ndipo pansi ndi pafumbi. Ndipatse chipinda chija ankagona mwana wako asanakwatire. Ndikudziwa muli matumba ndi nkhuku yofungatira. Matumbawo alamu apeze kwina, nkhukuyo uipepese. Ukolope pansi ndi sopo, matiresi uyanike padzuwa, zofunda uchape ziume gwa, ndipo upatule beseni limodzi likhale la iye yekha. Namwino wanena kuti akadzatitulutsa adzatilembera kuti chilonda azikachiona pachipatala chaching'ono cha kwathuko, ndiye za kutsuka usade nazo nkhawa, si ntchito yako kapena yanga.

Ndipo uyambiretu kuwauza abale. Adzabwera, ndikuwadziwa, ndipo abwere ndithu, mwana ndi wawo. Koma uwauze kuti maso alibe zala. Makamaka achemwali athu aakulu, amene sakhulupirira chinthu asanachitsine. Ukawauza usamaseke, chifukwa iwe ukakana chinthu umakana ukumwetulira, munthu n'kumayesa wavomera. Manyazi a mtsikanayu sanawatole pamsewu, anatengera iwe.

Usandifunse tsiku lobwera, sindikulidziwa. Adokotala akuti tiyambe taona thupi litazizira ndi chilonda chitasiya kuchucha, ndipo ulendo wa basi sangaulole msanga. Lero m'mawa thupi linali lozizirirapo, anamwa tiyi, anayenda mpaka pazenera atandigwira phewa. Koma dzulonso linayamba choncho, pofika madzulo n'kutenthanso. Ndiye sindikusangalala kaye, ndikuopa kuvina nyimbo isanayambe.

Ukhoza kunena kuti nanga banja la mwanayu litani. Inenso ndikuganiza zomwezo, tulo sindikuona bwino. Mwina mnyamata uja adzamutsatira, mwina adzamvera amake. Koma banja likang'ambika akuluakulu amakhala pansi n'kulisoka, ngakhale patapita chaka. Mimba siidikira chaka. Tiyambe tapoletsa iyi.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze asiye fodya ngati akufuna kudzanyamula khanda. Moni kwa achemwali aakulu, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa ana ako onse ndi adzukulu. Mpongozi wako umuthokoze pondidyetsera nkhuku zanga. Namanyazi akuti moni kwa agogo aang'ono, akuti usalire. Telala nayenso akuti moni ngakhale sakukudziwa, umuike m'mapemphero pamodzi ndi wathuyu.

Ndilekeze pano. Namwino wamtali walowa ndi kachipangizo koyezera kutentha, akulunjika pabedi pathu. Manambala ake ine sindiwatha, ndimawerenga nkhope yake. Ndithamange ndisaiphonye.

Tsala bwino,

Ndine mkulu wako,
agogo ake a Namanyazi