Ayi Wanga Wabwerera

Lolemba, 4 Ogasiti

Seva yafa. Bokosi lakuda lija la m'kachipinda koyandikana ndi khitchini yanga, lomwe limanyamula mauthenga onse a pa ofesi. Ndafika m'mawa, fungo la mawaya opsa. Ndinayamba ndayang'ana ketulo, poopa kuti ndine. Si ine.

A Mawaya, osamala makompyuta, atuluka mmenemo thukuta lili kamukamu. Ati latentha. Makina oziziritsa a m'kachipindamo Bwana anawasamutsira ku ofesi yawo mwezi watha. Ankati munthu ndi wofunika kuposa bokosi.

Pano sitilankhulana pakamwa. Lamulo la Bwana, analimata pakhoma: CHIMENE SICHILI PA MAKINA SICHINACHITIKE. Ngakhale tiyi amaitanitsa polemba, n'chifukwa chake anandipatsa foni yakale ya ofesi. Ine lamuloli linandikomera. Pakamwa mawu amandikakamira, koma zala zimayesako.

Lero aliyense wangokhala ndwii, ngati anthu osadziwana m'basi. A Zandalama analemba "tiyi" pa kapepala n'kukakweza m'mwamba.

Ine nkhawa yanga ndi imodzi. Uthenga wanga wa Lachisanu.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Ndilembe zonse, mwina mtima ukhala pansi.

Mwezi watha a Dalaivala anandilembera. Ati akufuna kukaonekera kwathu, kwa asisi ndi alamu. Ati Bwana akufuna kuwatumiza ku nthambi yakutali, yankho lifike pa 15 mwezi uno. Ndikavomera, sapita.

Ine mantha. Ndinalemba "Ayi" n'kuthawira kunyumba. Tulo osabwera. M'mawa mwake ndinafufuta. Mwayi wake anali pa ulendo, ndipo foni yawo ndi ya mabatani, mauthenga amawerengera pa kompyuta ya pakhomo akabwerako. Sanaone.

Kenako chete. Tiyi ndimawapatsa maso ali pansi. Iwo "zikomo mayi," basi.

Lachisanu lapitali ndinalemba yankho lenileni. Tsiku lonse kulemba, kufufuta, kulembanso. Mawu abwino, sindikudziwa kuti ndinawatola kuti. Anali pa ulendo. Abwerako lero, seva ili maliro.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Msonkhano. Ine ndinalowa ndi thileyi, ndinamva zonse ndili pakona.

A Mawaya ati tisadandaule kwambiri, pali bakapu. Ndiye kuti usiku uliwonse makina amakopera mauthenga onse n'kuwasunga pa disiki ina. Anthu anapumira m'mwamba. Inenso, mpaka masupuni analira.

Kenako anati koma. Disikiyo inadzaza kalekale. Makina ankachenjeza tsiku lililonse, iwo n'kumatumiza chenjezolo kwa Bwana, kupempha disiki yatsopano. Bwana ankayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Tsiku lililonse chala. Disiki osagula.

Bwana ati tisaloze zala, ino ndi nthawi yogwirana manja. Asankha komiti yofufuza chifukwa chake m'kachipindamo munkatentha. Wapampando ndi iwo omwe. Komitiyo ikukumana mu ofesi yawo, poti ndi mozizira.

Masana a Mawaya abisala m'khitchini mwanga ndi buledi wawo. Anthu awapezabe, mmodzimmodzi, monong'ona. Alembi akufuna za sabata yatha zisabwerere. A Zandalama akufuna zibwerere, koma za gulu limodzi lokha. A Mawaya anati, "Si msika uwu. Chibwera ndi chimene chilipo."

Inenso ndimafuna kufunsa ngati za Lachisanu zilipo. Ndinatsegula pakamwa. Chinatuluka n'chakuti, "Shuga angati?"

Lolemba, 11 Ogasiti

Seva ina yabwera. Si yatsopano, ndi kompyuta yakale ya Bwana, aiika pa mpando ndi kuilozetsa fani.

Mabakapu a posachedwa onse ndi oduka, sakutseguka. A Mawaya akubwerera m'mbuyo, tsiku ndi tsiku, kufuna yathunthu. Apeza imodzi, ya mwezi watha. Ndiye kuti wanga wa Lachisanu wapita. Ndinalowa m'chimbudzi, ndinatsegula mpopi kuti asamve ndikulira.

Ndayesa kuukumbuka potsuka makapu. Ndikungokumbuka poyamba pokha, "Pepani pochedwa."

Tsiku lonse a Mawaya maso pa kamzere kobiriwira komwe kakuyenda ngati nkhono. Bwana anaima kumbuyo kwawo manja m'chiuno, mwina kuti kachite manyazi kathamange. Kanaima. Atachoka kanayambanso.

A Dalaivala anandithandiza kunyamula chigubu cha madzi pa masitepe. Malaya awo batani limodzi ndi la mtundu wina.

Ndangodzilimbitsa mtima: makina akadzuka ndilembanso. Nthawi ilipo.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Adzuka. Tabwerera mwezi watha tonse.

A Sitolo, omwe anachotsedwa ntchito kumapeto kwa mwezi, afika m'mawa atavala tayi. Ati aonetsedwe pamene zalembedwa kuti anachotsedwa. Palibe. Analoza pakhoma, n'kukhala pa mpando wawo. Ndawapatsa tiyi, nanga n'kutani.

Alembi ndi a Zandalama anakangana mwezi watha, kenako anapepesana. Kukangana kwabwerera, kupepesa ayi. Asiya kupatsana moni.

Ndinkaseka chamumtima. Kenako ndinatsegula foni yanga.

Funso la a Dalaivala lilipo. Pansi pake, "Ayi." Wanga uja. Bakapu yomaliza yathunthu ndi ya usiku womwe ndinkagubuduzika pabedi, ndisanafufute. Mwa masiku onse a Mulungu.

Ndadina kuti ndifufute, zakana. Ndadina mpaka chala kuwawa. A Mawaya ati panopa ndi kuwerenga kokha, kulemba ndi kufufuta atsegula akaona kuti zonse zili bwino. Bwana alamula kuti atsegule motsata maudindo. Mawa Bwana ndi akuluakulu anzawo. Lachisanu masana madalaivala ndi alonda. Foni ya kukhitchini Lolemba.

Lolemba ndi pa 18.

Lachinayi, 14 Ogasiti

A Dalaivala awerenga. Ndinawaonera pa kampata ka chitseko. Anaima pa kompyuta ya pakhomo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Mawu amodzi, koma ankawerenga ngati nyuzi. Tiyi wawo wazizirira pa tebulo.

Kenako anagogoda kwa Bwana. Ine ndinapeza chopukuta pafupi ndi chitsekocho. Ndinawamva akuti avomera, apita ku nthambi ija. Bwana anati, "Mukundiuza ndi pakamwa? Lembani pa makina." Iwo anati sakulembeka. Bwana anati ndiye kuti simunanene kanthu, tionana mawa masana.

Sindinaganizepo kuti lamulo limenelo lingandichitire chifundo.

Madzulo ndawauza asisi, koyamba. Anasiya kusita n'kundiyang'ana. Ati, "Iwe, pakamwa pakopo anakupatsa n'podyera pokha?" Ndinati ndilemba pa pepala. Ati munthu wawerenga kale zolemba zako, zamukwana. Alamu anamva ali kuseri, ati ndiyeserere pa iwo. Ndinayesa. Ndinafika pa "pepani" n'kuyamba kutsokomola. Ana a asisi kuseka mpaka kugwa.

Lachisanu, 15 Ogasiti



M'mawa a Dalaivala anali kuseri, akutsuka galimoto. Tiyi sanaitanitse. Ndinathira, ndinanyamula. Theka linatayikira m'sosala ndisanafike.

Anati, "Zikomo mayi, musavutike." Osandiyang'ana.

Ndinaima pomwepo ngati mtengo. Madzi a paipi akundinyowetsa nsapato. Mawu abwino aja palibe ndi amodzi omwe. Ndinati, "Uja ndi wakale."

Anatseka madzi.

Ndinati ndinaufufuta, makina ndi amene aubweza. Ndinati unalipo wina, unapsa. Anafunsa kuti winawo unkati chiyani. Ndinayang'ana tayala. Ndinati, "Alamu amapezeka Lamulungu masana."

Anamwa tiyiyo, ndi wa m'sosala yemwe. Kenako anati, nkhope ili gwa ngati Bwana, "Koma mayi, zimenezi sizili pa makina. Zachitika?"

Ndinati zachitika. Zinatuluka mokweza, mpaka alonda anatembenuka pa geti. Ndinathawa, kapu ndinaisiya pa boneti.

Masana awatsegulira. Alembera Bwana kuti ku nthambi sapita. Anandiitana kuti ndione yankho pa kompyuta ya pakhomo. Chala chachikulu. Ngati awerenga, sitikudziwa. A Mawaya ati akopera uthengawo pawiri, wina ausunga m'thumba mwawo.

Ayi wanga akadali pomwepo mpaka Lolemba. A Dalaivala ati ndisafufute, adzaonetsa ana.

Ana ake ati?

Asisi akuitana, ati makatani achapidwe lero. Makapu osang'aluka tili nawo awiri okha, ndipo alamu akufunsa kale kuti alendo a Lamulungu abwera angati.