Mfundo m'chifuwa cha bambo

Aphungu,

Ndani analamula kuti wodwala azikhala womaliza kumva za thupi lake? Kwathu onse amavomereza, koma ine zandikana.

Bambo anga ndi kalipentala. Atatsokomola miyezi iwiri anawajambula m'chifuwa. Adokotala anauza amayi ndi amalume kuti pali chotupa, bambo abwerenso adzaunikidwe bwino. Amalume anagamula ali pakhomo pomwepo: "Asauzidwe, angafe ndi maganizo. Iwe wa digiri, tseka pakamwa."

Lamulungu ndinasolola chithunzicho pansi pa matiresi pamene anachibisa n'kuchiimika pazenera. Aphungu, ndinachiyang'anitsitsa. Nthiti zitayalana bwinobwino ngati mapaso a denga. Mtima umene wagunda zaka 61 osapempha tchuthi, ine kuuona ndi maso. Kumtunda chakumanja, kanthu koyera ngati dzira la nkhunda.

Sindinamve kuti bambo aima kumbuyo kwanga. "Ndiye m'kati mwanga ndi momwemu? Mmisiri wake sanaphonye muyezo," anatero. Kenako anachotsa pensulo kukhutu n'kuloza: "Nanga mfundo iyi?" Ndinati ndi fumbi chabe. Anandiyang'ana, n'kubwerera kumatabwa awo.

Zonse zimene ndawerenga zikuloza ku khansa. Kodi ndi yomweyo? Ndiwauze? Amalume akuzengereza zobwerera kuchipatala, ine kudikira sinditha. Chithunzicho sindinachibweze, chili m'chikwama changa.

T.K.

Mwanawe T.K.,

Digiri yako si yowerengera zithunzi, ndipo ngakhale dokotala satchula khansa pongoona chithunzi chimodzi. Ikhoza kukhala khansa, inde. Chikhozanso kukhala chipsera cha TB yakale, matenda a m'mapapo ochizika, kapena chotupa chosafalikira. Zimadziwika ndi sikani yojambula m'kati mozama, kuyeza makhololo, ndipo nthawi zambiri kutapa kachidutswa ka chotupacho n'kukaunika.

Phuma lakolo ligwire ntchito apa. Mawa pita kuchipatala akakupatse tsiku lobwerera ndi bambo. Ngati bambo anajambulidwapo kale, funa chithunzi chakalecho adokotala akayerekeze. Adokotalawo auzidwenso ngati bambo ankasuta, ngati akuonda kapena kutuluka thukuta pogona. Akayamba kubanika kapena kulavula magazi, osadikira tsikulo.

Amalume ukhale nawo pansi mwaulemu, amayi ali pomwepo. Nawonso ali ndi mantha, ngati iwe. Koma mwini thupi ndi bambo ako.

Chenjera, usakalowe m'shedi mwa bambo mopalira matabwa ndi dzina la matenda limene palibe amene walitsimikiza. Munthu amene wakalambira pa matabwa amasiyanitsa fumbi ndi mfundo, ndipo akudikira kuti ubweze bodza lako. Ukawauze kuti: "Bambo, kanthu kalipodi. Sitinadziwe kuti n'chiyani. Tiyeni tikamve limodzi."