Liwu la pa Khadi la a Japhet

Primrose, Germiston
14 Ogasiti 1997

Okondedwa alamu a Wallace,

Landirani moni wanga. Muli bwanji ku Ntcheuko, inu, akazi anu ndi ana? Nanga miyendo ya amayi ikupezako bwino? Ine ndi mwana wathu Peace tili bwino, kungoti mphepo ya mwezi uno ikutidyetsa fumbi la m'migodi. Za ang'ono anu a Japhet sindinganene kuti ali bwino. Kalata inonso sakuidziwa.

Kuyambira Meyi chakudya chikumawakakamira pakhosi. Anayamba kusiya nyama, kenako buledi. Pano akungomwa phala, nalonso lamadzimadzi. Nditawaumiriza anapita kuchipatala ndipo anabwerako ndi khadi.

Pakhadipo panalembedwa tsiku, 22 Julayi, ndi liwu la Chingerezi lakuti scope. Nditafunsa anaseka, amvekere ndisaganize za skopo, mitu ya nkhosa ija amagulitsa pokwerera matekisi ku Vosloorus. Anati liwuli amalimva tsiku ndi tsiku komwe amamanga nyumba. Kapitawo akati chinthu sichili mu scope ndiye kuti si ntchito yomwe munapangana, musaikhudze. Anatinso bwana wawo anawauzapo kuti pakampanipo pali scope, kutanthauza kuti mpata wokwera ulipo. Ndiye akuti dokotala ankangofuna kudziwa kukula kwa ntchito yomwe amagwira.

Ndinakhulupirira, alamu. Chingerezi changa n'cha kukhitchini.

Koma mtima sunakhale pansi. Ndikamasesa, ndikamachapa, liwulo linkangondibwerera. Tsiku lina ndinawotcha malaya ndi simbi, ndipo madamu amene ndimawagwirira ntchito anandifunsa chomwe chikundivuta. Ndinawalembera liwulo papepala. Iwo anali nesi kale. Anati zomwe a Japhet anandiuza n'zoona, koma kuchipatala liwu lomwelo ndi kapaipi kokhala ndi diso komwe amakalowetsa kukhosi kuti aone m'kati. Anandifunsa tsiku lake. Linali litadutsa ndi sabata yathunthu.

Madzulo ake ndinawadikirira a Japhet pageti n'kuwafunsa za tsiku lomwe anajombalo. Sanakane. Anati anachita mantha kuti akawafunsa mapepala okhalira kuno, komanso sankafuna kumva chomwe chili m'khosimo.

Madamu anatipezera tsiku lina, natitengera pagalimoto yawo. Lachiwiri lapitali a Japhet anawalowetsa kapaipiko. Dokotala wati pali chotupa kummero, ndipo adulako kachidutswa kuti akayeze. Kuti chafalikira mpaka pati sanadziwebe. Adzatiuza pa 2 Seputembala.

Vuto ndi ili: a Japhet akuti sabwererako kuchipatala. Akuti amalize kaye nyumba yomwe akumanga ku Boksburg, Disembala abwere kumudzi ngati munthu wabwinobwino. M'mawa uliwonse akumanyamuka ndi botolo la phala. Dzulo ndinawapeza akuboola lamba ndi msomali kuti buluku lisagwe. Limenelo ndi bowo lachitatu.

Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu wa kumudzi, ndipo lero ndaphwanya lumbirolo. Ndalira, ndakalipa, ndaitana abusa, koma ine sakundimvera. Inu ndinu amene munawalera bambo atamwalira, ndipo sindinawamvepo akutsutsa mawu anu.

Kalatayi ndapatsira a Twalibu, anzathu a ku Balaka amene akwera basi mawa, kuti isachedwe. Nambala ya foni ya madamu ili kuseri. Chonde pitani ku boma mukaimbe Lamlungu pa 24, masana. A Japhet ndidzawabweretsa pafupi ndi foniyo ngakhale mowanamiza. Mudzangowauza kuti apite pa 2. Akandikwiyira andikwiyire, bola apite.

Amayi musawauze kaye. Mungowapatsa moni, pamodzi ndi azakhali ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo mutikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlamu wanu,
Sabina